Anakana Mpaka Kuvomera ku Girisi

Pa siteji ya basi mumzinda wa Groningen, mvula ikuwaza, mtsikana wina ankangoyang'ana bambo wachikulire wosupuka mphuno ndi dzuwa.

"Pepani bambo, dzuwa limeneli mwalipeza kuti?"

"Ku Girisi, mwanawe. Ndinapita ndekha kukaona mabwinja a akachisi."

"Chigiriki mumachitha?"

"Olo liwu limodzi. Nditasochera, mayi wina woweta mbuzi anandifunsa zambirimbiri. Ine n'kumangoti nee, nee, kukana m'chinenero chathu. Osadziwa kuti kwawoko nee wathuyu ndi eya!"

"Ndiye munavomera chiyani?"

"Chakudya, kenako gule, kenako kukaonana ndi azichimwene ake onse."

"Nanga akachisiwo?"

"Sindinawaone. Ndibwererako mwezi wamawa."

"Kukaona mabwinja?"

"Kukamva chomwe ndinavomera kwa azichimwenewo. Anandiyeza chala chovala mphete ichi ndi ulusi."