Chaka Chimene Mawu Anandithawa ku Chiuaula

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu kumene muliko. Moni wapadera kwa inu achinyamata ochita zisudzo ndi olankhula pa wailesi, amene mukandipeza pakhonde mumakonda kundifunsa kuti ntchito ya pakamwayi ndinaiyamba bwanji. Lero sindinena za mmene ndinayambira ayi. Ndikufuna ndichitire umboni za chaka chimene mawu anga anatheratu, ine munthu wodyera mawu, ndi mmene Mulungu anandibwezera kudzera mwa munthu amene sindikanamuganizira n'komwe.

Zinali m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya Apwitikizi, Lichinga wathuyu akutchedwa Vila Cabral. Ine Benedito ndi mkazi wanga Rosa tinkakhala ku Chiuaula, m'kanyumba kofolera ndi udzu, kuseri kuli kamunda ka nyemba ndi mbatata. Padiri, wansembe wa ku mishoni kwathu, anali ndi makina a kanema amene anabwera nawo kuchokera kwawo. Zithunzi zake zinkayenda koma sizinkalankhula. Ndiye ntchito yanga inali kuima pambali pa nsalu yoyera yoonetserapo zithunzizo n'kumapereka mawu kwa aliyense wooneka pamenepo. Ikatulukira nkhalamba, ine nkhalamba. Akatulukira mayi wolira, ine mayi wolira. Ngakhale bulu ndinali ine ndemwe, ndipo kunena zoona anthu ankandidziwira buluyo kuposa china chilichonse. Ndinkasakaniza Chinyanja ndi Chiyao kuti aliyense abwerere kwawo atamva.

Musaione ngati inali ntchito yamasewera. Masiku amenewo mwamuna wopanda ntchito yodziwika kwa azungu ankagwidwa ndi asipayi, apolisi a boma aja, n'kupita naye ku chibalo, kukakumba misewu kapena kukalima minda ya eni ake kutali, miyezi yambirimbiri. Ena ankabwerako atatha thupi, ena sitinawaonenso. Ine asipayi ankandilambalala chifukwa ndinali wantchito wa Padiri. Choncho chimene chinkanditchinga ku chibalo chinali mmero wangawu basi, ndipo chaka chimenecho Rosa anali woyembekezera mwana wathu woyamba.

Ntchitoyi palibe anandiphunzitsa, ndinkangoichita mmene ndinkaonera. Makina a kanema ankayendera motolo wa petulo, ndipo motoloyo tinkamuika pafupi ndi nsalu chifukwa chingwe chake chinali chachifupi. Ankalira kuti du du du, utsi uli kobo, ine n'kumalimbana naye kuti anthu a kumbuyo amve. Mawu a amayi ndinkawatulutsa mofinya pakhosi kuti amveke aang'ono. Kanema akatha pakhosi pankawawa ngati ndameza mchenga, koma ndinkati ndiye ntchito imeneyo, wolima naye amatupa manja.

Inu a kuno mukuidziwa mphepo ya m'mwezi wa Juni, imene imalowa mpaka m'mafupa. Tsiku lina madzulo tinakaonetsa kanema ku Sanjala, ine ndili ndi chimfine. Panali pamene mayi wina pansalupo ankathamanga kufunafuna mwana wake wosochera. Mayiyo anatsegula pakamwa, nanenso ndinatsegula, koma munatuluka mpweya wokhawokha. Anthu anaseka kwambiri, ankaona ngati ndi nthabwala zanga za masiku onse. Ndinayesanso, osatheka. Mayi uja anathamanga mpaka kumapeto a kanema wopanda mawu, ine nditaima pambali pake, misozi ili m'maso.

Mankhwala ndiye ndinamwa osati masewera. Kuchipatala anandipatsa wamadzi wotsekemera, sanathandize. Mnansi wina anati nditafune tsabola, wina anati nditsukuluze ndi kachasu, wina anabwera mwakachetechete n'kunena kuti alipo amene wandimanga pakhosi chifukwa cha nsanje. Ine ndinkangonong'ona tsiku lonse, poganiza kuti kunong'ona ndi kupumitsa mawu. Ndipo m'mawa uliwonse ndinkapita kuseri kwa nyumba kukayesa kulira ngati bulu kuti ndione ngati abwerera. Zinthu zinkangoipiraipira.

Padiri sanali munthu woipa. Anandipirira ndithu, koma tsiku lina anandiitana n'kundiuza mofatsa kuti, "Benedito, pa chikondwerero chachikulu cha mu Ogasiti kudzabwera anthu ochokera m'midzi yonse. Ngati pofika nthawi imeneyo mawu sanabwere, ndidzafuna munthu wina. Ndipo sindinganamize boma kuti uli pantchito pamene suli pantchito."

Nkhani imeneyi inafika msanga kwa asipayi. Mmodzi wa iwo anandiimitsa panjira ya kumsika, akumwetulira, n'kuti, "Bulu wa Padiri wasiya kulira eti? Osadandaula, kumsewu sitifuna mawu, timafuna manja."

Abale anga, ndinachita mantha, ndisakunamizeni. Ndikayang'ana Rosa akukoka mwendo ndi mtolo wa nkhuni, ndinkadzifunsa kuti tsiku lake likadzakwana adzamuperekeze ndani, ndipo mwanayo ndidzamuona kodi. M'tchalitchi anzanga akamaimba ine ndinkangogwedeza milomo. Ndinafika podandaulira Mulungu mumtima kuti, Ambuye, ngakhale mawu opempherera mwandilanda, nanga ndikuitaneni ndi chiyani? Rosa ndiye amene sanafooke. Tikagwada ankapemphera mokweza m'malo mwa tonse awiri, ndipo pemphero lake linali limodzi lokha: "Ambuye, ife nzeru zatithera, titumizireni munthu."

Munthuyo anabwera atasenza dengu la usipa wouma. Dzina lake anali Che Saidi, bambo wachikulire wa ku Meponda kunyanja, Msilamu, amene ankakwera phiri kudzagulitsa nsomba kuno kumtunda. Kwawoko analinso mwazini, munthu woitana anthu kumapemphero, ndipo nthawi imeneyo kunalibe zokuzira mawu. Akabwera kuno ankagona kwa mlongo wawo ku Sanjala, ndipo kanema wathu ankamumvera patali ali pakhonde. Rosa akugula usipa, iwo anamufunsa kuti, "Mama, bulu uja wa ku mishoni wapita kuti? Masiku ano kuli zii." Rosa anawafotokozera zonse, ndipo tsiku lomwelo masana anafika pakhomo pathu.

Ndinawalandira monong'ona. Iwo anakweza dzanja n'kundiletsa.

"Basi, mwanangu, tseka pakamwa. Kunong'onako ndiye ukupala chilonda. Mmero wako uli ngati phazi lotupa, ndipo iwe ukuliyendetsa chonyang'ama tsiku lonse n'kumati likupuma."

Ndinadabwa, komanso mumtima ndinali ndi kukayika. Ine Mkhristu wa pamishoni, kukathandizidwa ndi mwazini? Anthu adzati chiyani? Koma akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Rosa anandiyang'ana ndi diso lija lotanthauza kuti munthu tinkapempha uja ndi ameneyu. Che Saidi anati kuno kumtunda kukuzizira kwambiri, nditsike nawo ku Meponda kumene kuli kotentha. Padiri anavomera, mayi ake a Rosa anabwera kudzakhala naye, ine n'kutsika phiri kumbuyo kwa dengu lopanda kanthu.

Mankhwala awo oyamba anali owawa kuposa onse amene ndinamwa: kukhala chete. Osalankhula, osanong'ona, osayesa n'komwe. Ine munthu wolongolola kuyambira ku ubwana, zinali ngati andimanga miyendo. M'mawa ankandifunditsa nsalu pamphika wa madzi otentha a masamba a bulugamu, kenako uchi pang'ono, kenako ndizikathandiza kuyanika usipa pathandala. Nthawi ya mapemphero awo ikakwana iwo ankapita kumzikiti, ine ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kolona wanga. Palibe tsiku limene anandiuza kuti ndisiye kupemphera mmene ndimapempherera. Ndikaonetsa kutopa ankangoseka n'kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanangu."

Ndili chete choncho ndinayamba kuona mmene iwo ankagwirira ntchito yawo. Poitana anthu sankaima paliponse ayi. Ankakwera pachulu cha pafupi ndi mzikiti, n'kuyamba aona kumene mphepo ikuchokera, n'kuifulatira kuti iwanyamulire mawu. Khosi lawo silinkatupa mitsempha ngati langa. Chimene chinkagwira ntchito chinali mimba. Bambo woonda ngati ameneyo, koma asodzi ankamumva ali m'mabwato kutali.

Tsiku lina m'mawa anandigoneka chagada pamkeka n'kundiika mwala wa mphero pamimba. Anati ndipume mpaka mwalawo uzikwera ndi kutsika, mapewa asagwedezeke. Patapita masiku anandilola kung'ung'udza nditatseka pakamwa, ndipo ndinamva kanthu kakunjenjemera pachifuwa. Anali mawu anga, ochepa, osasa, koma amoyo. Ndinalira ngati mwana. Che Saidi anati, "Alihamudulila," ine mumtima ndinati zikomo Ambuye, tonse tikuyang'ana mwala womwewo.

Pang'ono ndi pang'ono anayamba kundiimika pachulu, iwo n'kumapita patali kukamvetsera. Ndinawaonetsa mmene ndinkachitira mawu a amayi, mofinya pakhosi muja. Anaseka mpaka kukhosomola.

"Ndi mkazi uti amene amalankhula ngati khoswe wopanidwa ndi chitseko? Mkazi wako amalankhula choncho? Usachepetse mawu, tenga kalankhulidwe kake. Kumbukira mmene amakuitanira ukachedwa kumunda." Za motolo anati, "Iwe uli ndi mmero umodzi, iye amamwa petulo. Ungapambane naye? Muthamangitse apite kutali."

Ndinabwerera kumtunda chikondwerero chitayandikira. Ndinapempha Padiri kuti tipeze chingwe chachitali, motolo timuike kuseri kwa khoma la sukulu, ndipo nsalu tiipachike mbali imene mphepo ikuchokera. Anandiyang'ana mokayika chifukwa mawu anga anali asanakhwime bwinobwino, koma anavomera. Anandiuzanso kuti mphunzitsi wina adzakhala pafupi kuti alowe m'malo mwanga ndikalephera. Tonse tinkadziwa tanthauzo la kulephera kumeneko.

Pa tsikulo Che Saidi anakwera phiri ndi usipa wawo monga mwa masiku onse. Ndinawapempha kuti adzakhale kutsogolo. Anakana, anati, "Ine zithunzi sindionera, mwanangu, ndi mmene ndinakulira. Koma makutu ndili nawo. Ndikatha swala, pemphero lathu la madzulo, ndidzakhala uko kumapeto kwa bwalo, pansi pa bulugamu, nditafulatira nsalu yanuyo. Ndikakumva bwino ndidzakweza nyali."

Dzuwa litangolowa bwalo linali litadzaza. Kunali anthu a ku Chiuaula, a ku Sanjala, a m'midzi yakutali, ndipo pambali panaima asipayi, pamodzi ndi uja wa panjira ya kumsika. Kanema anali yemwe uja wa mayi wofunafuna mwana. Ndinapemphera mwachidule, ndinapuma mpaka kumimba ngati mwala uja ukadali pomwepo, ndipo mayi uja atatsegula pakamwa ndinaitana mwanayo ndi kaitanidwe ka Rosa, kokoka mawu kumapeto kuja. Mawu anatuluka osavuta, osawawa, n'kuyenda pamwamba pa mitu ya anthu. Amayi a ku Chiuaula anaphulika ndi kuseka, akumugwira Rosa paphewa kuti, "Iwe, si iwe uyu?" Koma ine maso anga anali kumapeto kwa bwalo. Kwa kanthawi kunalibe kanthu. Kenako pansi pa bulugamu paja kanyali kanakwera pang'onopang'ono, n'kuima m'mwamba.

Ndinamaliza kanema yense, ndi bulu yemwe. Ngakhale msipayi uja ndinamuona akubisa kuseka. Ku chibalo sindinapite. Mwana wathu wamkazi atabadwa ndinali pakhomo, ndinamva kulira kwake koyamba ndi makutu angawa. Ntchito ya mawu ndinaigwira zaka zambiri pambuyo pake, m'makanema ndi m'zisudzo, ndipo mmero sunandithawenso.

Ndiye inu ana anga a ntchito imeneyi, samalani mmero wanu, ukatupa upumitseni kwenikweni, ndipo musamalimbane ndi phokoso limene mungathe kulisuntha. Koma chachikulu chimene ndikuchitira umboni ndi ichi: pamene ine ndinalibe ngakhale mawu opempherera, Mulungu anamva. Ndikumuthokoza chifukwa cha Rosa amene anapemphera m'malo mwanga, ndiponso chifukwa cha Che Saidi, amene sanalandire kanthu kwa ine kupatula mbatata zimene ndinkawakakamiza kunyamula. Iwe amene uli m'mavuto lero, matenda kaya kutha kwa ntchito, usataye mtima, ndipo usamusankhire Mulungu munthu woti akutumizire. Pirira, thandizo lako likhoza kukhala lili panjira litasenza dengu.

Che Saidi anatisiya kalekale, Mulungu awasunge. Nkhope ya mayi wa pansalu uja sanaione mpaka kufa kwawo. Koma mpaka lero, ndikaimirira kulankhula pagulu, kaya m'tchalitchi kaya pamaliro, maso anga amayamba apita kumapeto kwenikweni, kwa munthu wakutali kuposa onse, ndipo ndimalankhula ndi iyeyo mpaka nditaona ngati nyali ija yakwera. Ambuye alemekezeke. Ameni.