Madzi Amene Tawabweza pa Maliro a Mayi Joice Nakhumwa

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1972 kuno kwa Nkando, m'banja la Bambo ndi Mayi Nakhumwa amene ankathyola tiyi kuesiteti, ndipo anawatcha Joice. Ataphunzira pulayimale konkuno ndi sekondale ku Boma, anapita kuyunivesite ku Zomba kukaphunzira za miyala ndi madzi apansi pa nthaka.

Mu 1998 anakwatiwa ndi Bambo Wilson Mulepa, nayamba ntchito yoyeza malo okumba mijigo. Mijigo yambiri imene mumatungapo m'dera lino, analoza pokumba pake ndi iwowa.

Mu 2016 zitsime za m'mudzi muno zinauma. Munapita nokha kunyumba kwawo kukawalirira. Iwo atayeza anapeza kuti mjigo wakuya wa pafamu ya nthochi yoyandikana ndi mudzi uno ukukoka madzi omwewo amene zitsime zathu zinkadalira. Nkhani inalowa m'khoti, malemu ali mboni yathu. Kuntchito anawachenjeza, kenako nkuwasamutsira kutali, koma tsiku la mlandu sankaphonya.

Apa ndinene mosapsatira, poti mtima ukundiwawa. Eni famu ataika mpopi umodzi pageti ndi kulemba ana athu maganyu, ena mwa inu amene mwakhala pano munakauza khoti kuti zitsimezo zimauma kuyambira kale. Munthu amene munamuitana nokha munamusiya padzuwa, mpaka moni munayamba kumumana. Paja akuluakulu amati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Lero chaphwa.

Mu 2021 anayamba kuvutika ndi kuthamanga kwa magazi, kenako anafa ziwalo mbali imodzi, komabe kukhoti ankapita ndi ndodo. Atisiya pa 14 Okutobala 2024 kuchipatala cha ku Boma.

Dzulo eni famu anatumiza galimoto ya madzi kuti tiphikire ndi kusambitsira maliro. Banja lawabweza madziwo. Mlandu ulowanso mwezi wamawa, ndipo mboni yokhayo imene inatsala ndi iyi yagona m'bokosimu.

Malemu asiya amuna awo Bambo Mulepa, ana awiri, Golden ndi Millie, ndiponso mdzukulu mmodzi. Tikuthokoza ampingo, adzukulu okumba manda, komanso amayi amene asenza ndowa kuchokera kumtsinje wa Thuchila kuti thupili lisambe madzi opanda mwini.

Mzimu wawo uuse mumtendere, kumene kulibe ludzu ngakhale geti.