Dzina pa Zenera la Kalavani

A Howard, a zaumoyo amene boma linawaponya ku Chintheche kuchokera ku Dedza, ankagona m'kalavani yakutha imene mzungu wina anaisiya pansi pa mtengo wa mango. Tsiku limene akazi awo, a Lettie, ankabwera pa minibasi, m'pamene maso awo anatseguka: chibwenzi chawo chinali chitalemba pazenera ndi msomali kuti STELLA WA HOWARD. Anaitana Aleck, Mtonga wosema ziboliboli, munthu amene amachita zimene wauzidwa basi, osaonjezera, osachotsera.

"Iwe, chotsa zokandika izi pagalasipa. Msanga!"

Aleck anagogoda ndi chala, nayankha ndi ulemu wa Chitonga. "Ada, si galasi ili. Ndi pulasitiki."

"Ine ndili ndi dipuloma. Ndi galasi."

"Galasi limati ngwee. Ili likuti phu, ngati beseni."

"Ndakuitanira ng'oma kodi? Gwira ntchito!"

"Chabwino. Nanga Stella ameneyu ndimusiye?"

"Palibe Stella apa! Yakanda ndi nthambi ya mango."

Aleck anayang'ana m'mwamba mwaulemu. "Eee! Nthambi mpaka kudziwa dzina lanu?"

A Howard anatulutsa mankhwala otsukira mano. "Mzungu anati awa amachotsa zokandika. Zinthu za sayansi izi, iwe sungazimve."

"Mswachi ulipo?"

"Nsanza, mbuzi iwe, nsanza!"

Aleck anapaka, anatikita, ananunkhiza. "Likununkhira bwino zedi, ada. Koma Stella wangoyera."

Zoonadi, mankhwala anali atalowa m'mizere, zilembo zili mbee ngati choko pabolodi.

"Njira ilipo," anatero Aleck. "Sandipepa wosalala, wonyowetsa m'madzi. Pang'onopang'ono, kufikira mizere itafanana ndi zenera. Masiku awiri."

"Awiri? Usandiphunzitse ntchito, wosema mvuu iwe!" Foni inalira; anali a Lettie. A Howard anayankha ndi mawu a mkulu wa mpingo. "Eya mayi... Mwadutsa pa Kande? Ayi, tithokoze Mulungu." Anaidula, natembenukira kwa Aleck. "Polisha! Mmene umachitira ziboliboli zakozo kuti ziwale. Polisha basi!"

"Ndendende mmene ndimachitira?"

"Ndikulankhula Chitonga kapena?"

"Mukanalankhula Chitonga ndikanamva msanga, ada."

A Howard anathamangira m'kati kukabisa mpango ndi masilipasi ofiira zimene sizinali za a Lettie. Potuluka anapeza Aleck akutseka kachitini ka polishi wakuda wa nsapato, nkhope ili mwee.

"Mayo ine! Wachita chiyani?"

"Mvuu timaziwalitsa ndi ameneyu. Taonani, tsopano Stella akuwerengeka ngakhale muli kumsewu."

"Ndinati galasi liwale!"

"Galasi palibe, ada. Ndi pulasitiki."

"Lichotse! Zula zenera lonse!"

"Ndikaliike kuti?"

"Kulikonse! Ukampatse mwini wake, ine ndisalionenso!"

Aleck anamasula zenera, analisenza pamutu ngati lichero, n'kulunjika kumsewu. A Howard anapukuta thukuta, anakonza kolala, nayamba kuloweza bodza lakuti zenera labedwa ndi akuba. Anafika podzitamandira kuti sukulu ndi yabwino.

Posakhalitsa Aleck anabwerera manja ali pendapenda.

"Wataya?"

"Ndapereka kwa mwini wake, monga munanenera."

"Stella umamudziwa iwe?"

"Sindimawadziwa, koma mwayi. Pasiteji patsika mayi wina ndi chikwama ndi thumba la mbatata, akufunsa kwa a Howard. Ndati amenewa ndiwo. Ndagwada bwinobwino, ndati, 'Amama a Stella, katundu wanu uyu, abambo akuti sakufuna kumuonanso.'"

A Howard anamuyandikira Aleck. Mawu anatuluka ngati a mwanapiye. "Ndiye... ati chiyani?"

"Awerenga kawiri. Angopempha tchizulo, chitsulo changa chosemera, ndawapatsa. Ndi awo akubwera apowo."