Bambo Venansio Muhiwa, Amene Anakana Opaleshoni Yachitatu

Malemu Bambo Venansio Muhiwa anabadwa pa 14 Malichi 1938 ku Mulanje, kwa makolo amene anawoloka mtsinje wa Ruo kuchokera ku Mozambique kudzathyola tiyi. Iwo anali chisamba m'banja la ana asanu. Ine Nikolasi, amene ndaima pamaso panu, ndine mzime.

Anaphunzira sukulu ya mishoni mpaka Sitandade 6. Mu 1957 anabwera ku Blantyre nayamba kuwotcherera zitsulo ku Chirimba, ntchito imene anakalamba nayo. Mu 1963 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Joan, ndipo anakhazikika kuno ku Bangwe phiri likadali ndi mitengo, osati dazi mukulionali.

Mu Novembala 1990, ali pantchito, matumbo awo anapotana. Pofika nawo kuchipatala, mbali yaikulu inali itafa kale. Madokotala anaidula, nawaboola pamimba kuti zoipa zizitulukira m'kathumba. Mu 1991 anawachita opaleshoni yachiwiri, yolumikiza matumbo otsalawo. Koma anatsala aafupi zedi, moti chakudya chinkangodutsa thupi lisanatolepo kanthu. Anawalangiza kudya pang'ono koma pafupipafupi, ndi kuleka zotsekemera.

Apa m'pamene chikondi chanu chinatsala pang'ono kuwapha. Kwathu kuno sitizonda wodwala chimanjamanja. Amayi a mumpingo, anansi, anzawo a ku Chirimba, aliyense ankafika ndi chigubu cha thobwa, shuga ali tho, ati wodwala apeze mphamvu. Malemu, poopa kunyoza mphatso, ankamwa. Shugayo anawatsegula m'mimba, moti anabwerera kuchipatala madzi atatha m'thupi. Atatuluka anakhazikitsa lamulo: wobwera ndi thobwa amwe yekha, iwo azimuonerera. Khonde lawo linasanduka bwalo. Za riferendamu ya 1993 zinakambidwira pamenepo, iwo akusenda kadzira kowiritsa, akuseka alendo otupidwa ndi mphatso zawo zomwe.

Mu 1994 ndinabwerako ku Mangalande, kumene ndinathawira mu 1965. Ndinali nditawerenga kuti kunjako madokotala amang'amba matumbo m'litali n'kuwalumikiza kuti atalike, kapena kutembenuza kachigawo kuti chakudya chizichedwerapo, kapenanso kudyetsa munthu kudzera mumtsempha. Ndinawachonderera achimwene kuti tipite kunjako akawachite opaleshoni yachitatu. Dokotala wawo sanabise mawu: opaleshoniyo ikhoza kuwawonjezera zaka, ikhozanso kuwasiya komweko.

Achimwene anandifunsa, "Iwe Nikolasi, anzako amene anafera uko anawaika ndani?" Zoona zake, ena tinawaika tili anthu owerengeka, chisanu chikutiluma, popanda ndi nyimbo yomwe. Iwo anati, "Basi. Andidula kawiri, zakwana. Ndine chitsulo ine, choti muzingowotcherera?"

Anakhala nafe zaka zina zinayi. Kuwonda anawonda, koma anakwatitsa mwana wawo Sheila, ananyamula zidzukulu, ndipo ankakwerabe minibasi kupita ku Chirimba kukakalipira owotcherera mokhotakhota. Mu Julaye chaka chino impso zinafooka. Anatisiya Lamulungu pa 9 Ogasiti 1998, m'nyumba imene anamanga okha, Mayi Joan atawagwira dzanja.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, Evance, Sheila ndi Alinane, komanso zidzukulu zisanu. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, Bambo Majidi amene sanakanizepo galimoto yawo, akwaya, amayi ophika, ndi adzukulu amene akonza nyumba yawo yomaliza.

Mlandu wa opaleshoni ija sitinaumalize. Ndinkauyambitsabe mpaka chaka chino. Lero ndayang'ana khamu ili, lasefukira mpaka kumsewu moti maminibasi akusowa podutsa, ndipo ndautseka. Achimwene, mwapambana. Mzimu wanu uuse mumtendere, pakati pa anthu anu.