Msana kwa Apongozi

Estele ananena mawu amodzi okha: manda a mayi ake, amene anatsala okhaokha m'mphepete mwa munda wa tiyi wa mzungu kumunsi kwa phiri la Chambe, alambulidwe dzuwa lisanapendeke, apo ayi mwamuna wake Alufeyo apinde mphasa abwerere ku Manguru kumene anathawa Apwitikizi. Koma Alufeyo, mkamwini wa mwambo mpaka m'mafupa, anali asanayang'anepo apongozi ake kumaso, ndiye anatenga Filipo, wosesa manda a ku Mishoni, iye n'kulowa m'thengomo chafutambuyo mpaka chidendene chinagunda kachulu, n'kukhalapo phwii.

"Achimwene," anatero Filipo, "komatu mandawo..."

"Usandiuze! Sindifuna kudziwa kumene ayang'ana. Iwe lambula chilichonse chili kumbuyo kwangaku."

"Chilichonse?"

"Makutu unasiya ku Mishoni? Chilichonse!"

Chikwanje chinalira, udzu n'kumagwa. Alufeyo anafwenthera fodya wake, mtima uli m'malo. Munthu waulemu ngati iye m'dziko muno analipo wina?

"Koma achimwene, mayiwa anamwalira kale. Mungocheuka pang'ono."

"Kumwalira n'chiyani? Estele akuti usiku uliwonse akumabwera kutulo kudzadandaula za udzu. Munthu woyenda usiku chonchi ukuti saona?"

"Ku Mishoni amati akufa ali m'tulo."

"Akufa a ku Mishoni amenewo. Awa ali moyo sankagona, ayambe lero?"

Filipo anagwedeza mutu, n'kupitiriza. Phokoso la chikwanje linkamveka likutalikira.

"Wapeza mphika wao woboola uja?" anafuula Alufeyo.

"Kumbuyo kwanu kulibe mphika."

"Nanga mtengo wa nkhadze umene anabzala kumutu?"

"Kumbuyo kwanu kulibe nkhadze."

"Ndiye pitirira, mbuzi iwe! Ii, koma kachulu aka kali ndi chinthu chobaya."

"Ndafika pa timitengo tatifupitifupi, tondandalika bwino m'mizere."

"Mizere ya chiyani pamanda? Gwetsa!"

"Tonse?"

"Filipo, ndikadzuka pano ulira."

"Ayi, musadzuke. Mwakhala bwino."

Filipo, mwana wa eni ake, anagwetsa timitengoto mwaluso lake lonse. Atabwerako, thukuta lili kamukamu, anaponya nthambi imodzi pamiyendo pa Alufeyo. Alufeyo anaitola, n'kuinunkhiza.

"Mayo ine! Uyu si tiyi wa mzungu?"

"Ndi yemweyo. Mizere yake yatha bwinobwino mpaka kumtsinje."

"Wandipha! Kapitawo andisenda ndi chikoti! Unadula bwanji tiyi?"

"Anali kumbuyo kwanu."

"Nanga manda?"

"Manda sali kumbuyo kwanu."

"Apita kuti? Manda amasamuka?"

"Sanasamuke. Munati ndisakuuzeni."

"Tsopano ndikuti undiuze!"

Filipo anapukuta chikwanje pa udzu, osafulumira ngakhale pang'ono.

"Mthunzi umene mwakhalapowu ndi wa mtengo wanji?"

Alufeyo anakweza maso. Nkhadze.

"Nanga chikukubayanicho?"

Alufeyo anapisa dzanja pansi pake mwakachetechete, n'kutulutsa phale la mphika, loboola pakati. Analidziwa. Mphika umenewo ndi umene apongozi ake ankamuphikiramo nyemba za kalongonda chaka chimene anafika pamudzi alibe ndi nsalu yomwe.

"Chikhalireni m'mawa... iwe ukuona... osanena?"

"Ndinayamba kunena. Komanso munati ndilambule kumbuyo kwanu. Za pansi panu simunatchule."

Nthawi yomweyo udzu unagwedera kunjira. Anali Estele, kansengwa ka ufa wa nsembe kali pamutu. Anaona thengo lonse layera mpaka kumtsinje, tiyi ali lambalamba, ndipo pamalo pokhapo posalambula panali mwamuna wake, atakhala pa mayi ake, phale lili m'manja.

Filipo anawomba m'manja mwaulemu.

"Fikani, mayi, nkhani ndi yabwino. Amuna anu ndi apongozi ao asiya kuthawana."