Chenjezo limene mayi anga anatseka

Awulutsi, ndiwerengereniko kalata iyi.

Ndine amene ndinakonza maonekedwe a pulogalamu ya pafoni yochenjeza alimi madzi akamasefukira. Ndinapanga zoti uthenga uzingotulukira wokha pasikirini. Tinayesa ndi anzanga mu ofesi ku Boma, onse anati zili bwino. Kumudzi sitinakayese.

Ndinaiwala zimene ndinawaphunzitsa mayi anga ku Chiwalo, kuti chilichonse chongotulukira pafoni ndi akuba, azitseka osawerenga.

Tsiku limene madzi anasefukira, mayi anatseka chenjezolo katatu. Bambo anga anali kudimba, ndipo palibe anakawaitana.

Pamaliro a bambo, mayi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwananga, ndinachita monga unanenera."

Mpaka lero sindinalirepo. Kukacha ndimapita kuntchito, n'kukhala pampando womwe uja, n'kumasuntha mabatani.