Wotchi ya a Winston pa Mkono wa Teleza

— Halo?

— Halo, alamu! A Crispin!

— Aa, a Stafford. Mwaswera bwanji kuesiteti uko?

— Taswera, kaya inu? Mlongo wanga ali bwanji?

— Ali bwino, wapita kumsika. Thirakitala ikuyenda?

— Ikuyenda, chiperoni chokha chatikwana. Nanga shopu yanu ya mafoni?

— Pang'onopang'ono, Luchenza yake yomweyi. Mukumveka patali, alamu.

— Ndakwera pachulu, netiweki kuno njovuta. Ndimati ndingokupatsani moni.

— Inuyo kuwononga mayunitsi chifukwa cha moni? Nenani.

— Wotchi yagolide ija ya a Winston, akalaliki a kuofesi. Akuti munawaitanitsira ndinu pa intaneti.

— Ndine. Koma musauze munthu, ndi feki. Dzina lokha ndi la mabwana, golideyo ndi penti.

— Feki kapena ayi, ndaiona lero m'munda wa tiyi. Pamkono pa Teleza.

— Teleza wanu uja, wotchola tiyi?

— Wanga bwanji? Mawu ndinali ndisanamuuze, ndimadikira mpata. Pano mnzanga wapereka kale chikole.

— Chikole? Hede! Alamu, mundithyola nthiti!

— Mukuseka chiyani?

— Wotchi ija ilibe batire. Imayenda munthu akamagwedeza dzanja. A Winston amaswera ali phee padesiki, ndiye imangoima. Anabwera kudzandilalatira, ine n'kuwauza kuti apeze dzanja lotakataka. Nanga paesiteti pali dzanja lothamanga kuposa la wotchola tiyi?

— Ndiye kuti Teleza akungoitchaja?

— Basi! Amavala m'mawa, madzulo eni ake amakatenga.

— Amakatenga kuti?

— Kunyumba kwa Teleza, nanga kuti?

— Madzulo alionse?

— Eya, poti... eya.

— Amavula yekha, kapena amachita kumuvula?

— Alamu, zimenezo pa intaneti sanalembe.

— Ndiye nzeru imeneyi munawapatsa ndinu? Inu, amene ndinakupatsani mlongo wanga?

— Ine ndinati dzanja lotakataka, sindinatchule dzina la munthu.

— Ndiitanitsireni yanga.

— Yabatire ilipo yabwino, siima.

— Ndikufuna yomaimayo.

— Kwa inu siingaime. Pathirakitala paja mumagwedezeka tsiku lonse.

— Teleza akudziwa zimenezo?

— Koma alamu, katunduyu amachokera kutali, amachedwa. Bwanji osangopita lero lomwe kukamuuza mawu anuwo?

— Ndikapezane ndi a Winston pakhomo, ine mkono uli mbee? Iyayi.

— Nanga wotchi ziwiri adzavala bwanji?

— Ali ndi mikono iwiri. Ya a Winston ili kumanzere, ndayang'anitsitsa. Kumanja kulibe mwini.

— Ha, ndiye munayang'anadi!

— Ikhale yaikulu kuposa yawoyo. Ndipo mlongo wanga musamuuze, a Crispin, mayunitsi akundithe... Halo? Alamu, mwamva kuti yaikulu? Halo!